Tsumago, tauni imene njanji inailambalala

Ife ogwira ntchito yosamalira nyumba zakale timatchula Tsumago kawirikawiri. Ndi katauni ka m'chigwa cha Kiso, m'dera la Nagiso, chigawo cha Nagano ku Japan, kopanikizika pakati pa mapiri a nkhalango zowirira.

Chinakulitsa malowa ndi msewu. Mu ulamuliro wa Edo, kuyambira 1603 mpaka 1868, msewu wa Nakasendo unkachoka ku Edo, komwe lero ndi Tokyo, kukafika ku Kyoto. Unali ndi malo 69 ogonapo apaulendo, ndipo Tsumago anali a nambala 42. Mafumu a m'zigawo ankalamulidwa kupita ku Edo ndi chigulu cha anthu awo, choncho eni nyumba za alendo ankadya bwino.

Njanji itafika m'chigwamo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, inadutsa patali. Alendo anatha, achinyamata n'kuthawira kumizinda. Koma umphawi womwewo ndi umene unasunga nyumbazo, pakuti panalibe wa ndalama zoti agwetse n'kumanga zamakono. Kukonzanso kunayamba mu 1968, ndipo mu 1971 eni mudzi anapangana okha mfundo zitatu: osagulitsa, osabwereketsa, osagwetsa. Pangano limeneli ndimalilemekeza kwambiri, chifukwa si chapafupi munthu wosauka kudzimanga manja pa chuma chake chomwe. Boma linabwera pambuyo, mu 1976, kudzaika Tsumago m'gulu loyamba la malo otetezedwa motere.

Mukafika, lowani m'nyumba ya Wakihonjin Okuya, ya banja lomwe kale linkagoneka alendo olemekezeka, yomangidwa mu 1877 ndi mtengo wa hinoki. Kale mafumu a Owari, omwe ankalamulira chigwachi, ankaletsa kudula mtengowu, mpaka anthu ankati mtengo umodzi, mutu umodzi, kutanthauza kuti wodula mtengowo akanaphedwa. Chiletso chitatha m'pamene banjali linamanga nawo mosaumira. Moto umasonkhedwa pakati pa chipinda, utsi wadetsa matabwa kuti bii, ndipo m'nyengo yozizira dzuwa limalowa m'mipata ya zenera n'kujambula mizere mu utsimo. Panja simuona mawaya a magetsi, anawabisa, ndipo masana magalimoto saloledwa mumsewu waukulu.

Njira yakale yopita ku Magome, tauni yoyandikana nayo pa msewu wa Nakasendo, mtunda wa makilomita pafupifupi 8, ikuyendedwabe wapansi. M'mbali mwake anapachikamo mabelu oti oyenda aziliza pothamangitsa zimbalangondo.