Malire amene anatsegulira Barbara Jordan khomo

Ambiri amamukumbukira Barbara Jordan, mayi wakuda amene anali phungu ku America, chifukwa cha mawu amene analankhula ku Washington mu 1974, nthawi ya mlandu wa Watergate, umene unachititsa kuti pulezidenti Nixon atule pansi udindo. Koma nkhani yake inayambira pa tebulo lodyera. Atamaliza maphunziro a zamalamulo ku Boston University mu 1959 n'kubwerera kwawo ku Houston, m'chigawo cha Texas, ndalama yolipirira ofesi analibe, moti anthu ofuna loya ankamupeza m'nyumba ya makolo ake, mapepala ali mbwee patebulo. Bambo ake, a Benjamin Jordan, anali mbusa wa Baptist, ndipo mwanayo anatengera mawu omveka ngati a paguwa.

Mu 1962 anapikisana nawo pa mpando wa uphungu m'nyumba ya malamulo ya Texas, anagwa. Mu 1964 anagwanso. Sikuti pakamwa panali polemera ayi. Nthawi imeneyo aphungu a Harris County, boma limene muli mzinda wa Houston, ankasankhidwa ndi anthu a dera lonselo pamodzi, choncho mavoti a anthu akuda a ku Fifth Ward, kumene iye anakulira, ankangomezedwa ndi a azungu omwe anali ochuluka.

Chinasintha zinthu ndi khoti. Mu 1964 khoti lalikulu la America, pa mlandu wa Reynolds ndi Sims, linagamula kuti zigawo zosankhira aphungu zikhale ndi anthu ochuluka mofanana. Texas inakakamizika kudula malire mwatsopano, Houston inapeza mipando yowonjezera, ndipo mu 1966 Jordan anapambana mpando wa seneti, nyumba yapamwamba ya malamulo ya Texas. Munthu wakuda anali atakhalamo komaliza mu 1883. Tsono taganizirani: maseneta 31, ndipo 30 mwa iwo ndi azibambo achizungu.

Sanalowemo ndi ndewu. Anaphunzira malamulo oyendetsera zokambirana mpaka kuwadziwa kuposa akuluakulu ena, n'kumanyengerera ngakhale omwe sankafuna kumuona. Ena a kwawo ankati wafewa kwambiri. Ine ndimaona kuti n'kuleza mtima komweko kumene kunathandiza kuti Texas ikhale ndi lamulo lake loyamba la malipiro ochepetsetsa a wantchito.

Pa 10 June 1972 anakhala gavanala wa Texas kwa tsiku limodzi, mwambo wolemekeza seneta amene akutsogolera nyumbayo. Bambo ake anabwera ku Austin, likulu la Texas, kudzaonerera, koma tsiku lomwelo anagwidwa sitiroko, ndipo m'mawa mwake anamwalira.