Furnas, mudzi womwe ndiwo zimapsera pansi pa nthaka

Anthu ambiri akaona zithunzi za ku Furnas pa Facebook amangoona mapoto akufukulidwa m'dothi, nthunzi ili tolotolo, kenako anthu akusamba m'madzi ooneka ngati matope, basi n'kumati eee azungu ndi zinthu zawo. Komatu malo amenewa ali ndi mbiri yolemera ndipo mbali ina ndi yomvetsa chisoni. Furnas ndi mudzi wa pachilumba cha São Miguel, chachikulu pa zilumba 9 za Azores zomwe zili pakati pa nyanja ya Atlantic, pafupifupi makilomita 1,500 kuchokera ku Lisbon. Zilumbazi ndi za dziko la Portugal ngakhale kuyambira 1976 zili ndi boma lawolawo loyendetsa zinthu zambiri. Zonse zinabadwa ndi mapiri ophulika, ndipo mudzi wa Furnas weniweniwo, nyumba, tchalitchi, sukulu, zonse zinamangidwa mkati mwa chidzenje cha phiri lomwe silinafe, langogona.

Apwitikizi anayamba kukhazikika pa São Miguel cha m'ma 1440, ndipo likulu loyamba linali Vila Franca do Campo. Mu Okutobala 1522 kunachita chivomerezi usiku, phiri linagumuka ndipo matope anakwirira tawuni yonseyo anthu ali mtulo, anafa masauzande. Ndi chifukwa chake mphamvu zinasamukira ku Ponta Delgada, komwe mpaka pano ndi komwe ndege zimatera. Mu 1563 phiri la Fogo pakati pa chilumbachi linaphulika, ndiye mu Seputembala 1630 linaphulikanso la Furnas lomweli, anthu pafupifupi 200 anafa, phulusa linakuta minda ndi msipu moti masana kunkada ngati usiku. Kuchokera nthawi imeneyo Furnas sanaphulikenso, koma kunsi kukadali moto ndipo umaonekera poyera, madzi akuwira okha m'maenje omwe eni ake amati caldeiras, matope akubwata, fungo la mazira owola paliponse chifukwa cha salufa.

Chimene chimandikhudza ineyo ndi chakuti anthu anabwereramo m'chigwa chomwe chinawaphera abale awo. Nthaka ya phulusa ndi yachonde kwabasi, madzi ndi ambiri, ena otentha ena ozizira, ndipo munthu wosauka sasiya munda wabwino chifukwa cha mantha. Pang'onopang'ono anaphunzira kukhala nawo motowo, kuuopa koma n'kumaugwiritsanso ntchito. Koko, yemwe iwo amati inhame, amamudzala m'madimba othiriridwa ndi madzi ofunda ochokera mu akasupe. Chimanga chachiwisi amachiika m'thumba n'kuchiviika m'dzenje lowira pakati pa mudzi, chikapsa n'kumagulitsa pomwepo.

Ndiye pali cozido das Furnas, chakudya chomwe chinatchukitsa malowa. Cozido payokha ndi chakudya cha Apwitikizi onse, nyama ndi masamba zophikidwa pamodzi, koma ya ku Furnas ndi ina chifukwa sipayatsidwa moto ndipo sathiramo madzi. Amatenga chipoto chachikulu n'kusanjamo nyama ya ng'ombe ndi ya nkhumba pansi, nkhuku, masoseji awo a chouriço ndi morcela yomwe ndi ya magazi, kenako mbatatesi, mbatata, karoti, koko, kabichi pamwamba, n'kuvundikira bwinobwino ndi kumanga. M'mbandakucha amapita nacho m'mphepete mwa nyanja yaing'ono ya Lagoa das Furnas komwe kuli maenje okonzedwa kale m'dothi lotentha, amatsitsiramo potoyo, kuika chivundikiro cha thabwa, kukwirira ndi dothi, basi n'kuchokapo. Pakatha maola 6 kapena 7, cha m'ma 12 koloko masana, amabwera amuna awiriawiri ndi makasu ndi ngowe zachitsulo kudzaitulutsa. Msuzi wonse ndi wochokera mu nyama ndi masamba momwemo, ndiye kukoma kwake n'kosiyana ndi cozido ya pachitofu. Masiku ano maenje ena ali ndi zikwangwani za malesitilanti koma enanso ndi a mabanja, munthu wamba amatha kubwera ndi poto wake Lamlungu n'kudikira pamthunzi ndi ana ake. Mbali imeneyi ndi yomwe ndimaiona yofunika kwambiri, chifukwa ndi umboni woti mwambowu ndi wa eni mudzi, alendo anaupeza ulipo kale.

Nkhani ya kusamba nayo ili ndi chiyambi chake. Cha m'ma 1770 Thomas Hickling, wamalonda wa ku Boston yemwe analemera ndi bizinesi ya malalanje ndipo pambuyo pake anakhala woimira dziko la America pachilumbachi, anamanga kanyumba kopumulirako ku Furnas komwe anthu anakatcha Yankee Hall, kutsogolo kwake n'kukumba dziwe. Malowo anasintha manja, mu 1848 anagula bwana wina wa Chipwitikizi, Visconde da Praia, munda wamaluwa unakula, mitengo yochokera mbali zonse za dziko inadzalidwa, ndipo m'ma 1930 wamalonda wina, Vasco Bensaude, anawatenga n'kutsegula hotela ya Terra Nostra mu 1935. Dziwe lija lilipobe, analikulitsa, madzi ake ndi ofunda pakati pa madigiri 35 ndi 40 ndipo mtundu wakewo si litsiro ayi, ndi ayironi wambiri, ndi chifukwa chake amachenjeza kuti musalowemo ndi chovala choyera. Chapafupi pali Poça da Dona Beija, maiwe ang'onoang'ono m'mbali mwa mtsinje omwe kale anali malo ongosambirako anthu a m'mudzi.

Malalanje a Hickling aja anali chuma cha chilumba chonse, zombo zinkawanyamula kupita ku England, koma m'zaka za m'ma 1800 matenda ndi tizirombo zinaononga minda ndipo msika unalandidwa ndi ena. Eni minda sanakhale pansi, anayesa fodya, zinanazi za m'nyumba zamagalasi zomwe amazifukiza utsi kuti zichite maluwa nthawi imodzi, komanso tiyi. Mu 1878 anaitanitsa anthu awiri a ku China kuchokera ku Macau kudzawaphunzitsa kakonzedwe ka masamba, ndipo fakitale ya Gorreana yakhala ikugwira ntchito kuyambira 1883 mpaka lero. Munthu wa ku Thyolo kapena Mulanje ataima pamenepo angadabwe kuona mizere ya tiyi yomwe anaizolowera ikutsetserekera kunyanja yamchere.

Ndisaiwale kuti zilumba zimenezi zimakhudzananso ndi dera lathu lino. Ngungunhane, mfumu ya Gaza ku Mozambique, mdzukulu wa Soshangane, atagwidwa ndi Apwitikizi ku Chaimite mu 1895 anamutengera ku Lisbon kenako ku Terceira, chilumba china cha Azores, ndipo anafera komweko mu 1906 osaonanso kwawo. Malo omwe lero anthu amalipira ndalama zambiri kuti akaone, kwa iye anali ndende.

Alendo anachuluka zedi kuchokera mu 2015 pomwe ndege zotsika mtengo zinaloledwa kutera ku Ponta Delgada. Ndalama zinalowa, koma tsopano malo a maenje aja m'mbali mwa nyanja alendo amalowa cholipira ndipo maiwe amadzaza mpaka kuchita kuika malire a anthu olowa. Nyanja ya Furnas nayonso inadwala kalekale chifukwa cha feteleza ndi ndowe zochokera m'msipu wa ng'ombe zamkaka zozungulira, madzi anabiriwira ndi ndere, mpaka boma linagula ena mwa malo odyetsera ziwetowo n'kubwezeretsamo mitengo. Pamwamba pa zonsezi pali mpweya wa carbon dioxide womwe umatuluka m'nthaka n'kulowa m'nyumba zina za m'mudzimo, ndiye akatswiri a ku yunivesite ya Azores amayeza mpweyawo ndi kugwedezeka kwa nthaka usana ndi usiku, ndipo pali mapulani a momwe angasamutsire anthu phirilo likadzayambanso. Kutentha komweko kwa pansi, ku mbali ya phiri la Fogo kufupi ndi Ribeira Grande, amakugwiritsa ntchito kupanga magetsi pafupifupi 40 peresenti a chilumba chonse cha São Miguel.