Kudula ndalama zolerera mwana pa malipiro: momwe zimayendera ku South Africa

Anthu akwathu ambiri amene ali pa ntchito ku Joni amayamba kumva mawu akuti garnishee, kutanthauza lamulo la khoti lodula ndalama pa malipiro a munthu, tsiku limene alandira pepala la malipiro n'kupeza kuti ndalama zina zachotsedwa iwo asanazigwire n'komwe. Kawirikawiri amakwiyira abwana, pomwe abwanawo amakhala akungomvera khoti.

Nkhaniyi imayendetsedwa ndi lamulo lotchedwa Maintenance Act la 1998. Khoti lililonse la majisitireti m'dzikolo limamva milandu ya chithandizo cha ana, ndipo wodandaula salipira kalikonse, ngakhale loya safunika. Khoti likagamula kuti kholo lizipereka ndalama zakutizakuti pamwezi, kenaka n'kudutsa masiku 10 chifikireni tsiku lolipira popanda kanthu, amene akulera mwanayo angabwerere kukhoti kukapempha kuti chigamulocho chikakamizidwe. Khoti lingalole kulanda katundu, kugwira ndalama zimene munthu wina akuyenera kupatsa khololo, kapena kudula pa malipiro, ndipo njira yachitatuyi ndiyo ndimalangiza anthu kuti ayambe kuiganizira, chifukwa sidalira kuti munthu wadzuka ndi mtima wotani pakutha pa mwezi.

Chikalata cha khoti chikafika kwa olemba ntchito, iwo alibenso mpata wosankha. Ayenera kudula ndalamazo nthawi iliyonse ya malipiro mpaka ngongole ithe, ndipo lamulo limati ndalama za mwana zikhale patsogolo pa zigamulo zina zonse zodula malipiro a munthuyo, kotero kuti sitolo ya mipando kapena kampani yobwereketsa ndalama idikire kaye. Abwana akanyalanyaza, kaya chifukwa chomvera chisoni wantchito wawo, khoti lingawalipiritse ndalamazo kuchokera m'thumba mwawo. Wantchitoyo akasiya ntchito, iwo ayenera kudziwitsa mkulu woona za chithandizo kukhoti pasanathe masiku 7.

Apa mpamene pali chofooka cha njirayi, ndipo chimakhudza kwambiri anthu athu. Kudula kumatheka pokhapokha pali olemba ntchito odziwika, okhala ndi dzina ndi malo. Bambo wosamalira maluwa m'nyumba zinayi pa sabata, amene amalandira ndalama pamanja madzulo aliwonse, alibe malipiro oti khoti liwagwire, ngakhale atamapeza zochuluka kuposa mlonda wolembedwa pa kampani. N'chifukwa chake mayi wopita kukadandaula amapindula kwambiri akanyamula dzina lenileni la kampani ndi adiresi yake, pamodzi ndi chigamulo choyamba ndi mapepala a kubanki osonyeza miyezi imene sinalipiridwe, kusiyana ndi kufotokoza kwa ola lathunthu za nkhanza za mwamunayo.

Kholo lodulidwa nalo lili ndi polankhulira. Ngati malipiro atsika kapena ndalama zodulidwazo zikusiya munthu wopanda ya lendi, iye angapemphe khoti lomwelo kuti liimitse kaye, lichepetse kapena lichotse lamulo lodulalo, bola apereke zifukwa zomveka. Kusiya ntchito dala pofuna kuthawa n'kudzinamiza, popeza ngongole imatsalabe, ndalama za penshoni nazo zingagwidwe, ndipo chisinthireni lamuloli mu 2015 munthu wopezeka wolakwa pokana kulipira angamangidwe mpaka zaka 3. Komanso udindowu sutha wokha mwana akakwanitsa zaka 18. Umapitirira kufikira atayamba kudzidalira.

Ena amafunsa za mwana amene ali kumudzi ku Mangochi kapena ku Mzimba pamene bambo ali ku Johannesburg. Malawi ali m'gulu la mayiko amene amalemekezerana zigamulo zotere ndi South Africa, choncho chigamulo cha khoti la kuno chingatumizidwe kudzera m'maofesi a boma kuti chikalembetsedwe kumeneko. Mapepalawo amayenda pang'onopang'ono, ndipo akafika, funso loyamba limakhala lomwe lija lakuti bamboyo amagwira ntchito kwa ndani.