Kafukufuku wopanda wothandiza ndi ndalama: zoyenera kulemba musanayambe

Mabungwe, makampani ndi makopaletivi a alimi amatha kuchita kafukufuku ndi mayunivesite athu, kaya UNIMA ku Zomba, LUANAR ku Bunda, KUHeS, MUBAS, Mzuni kapena MUST ku Thyolo, popanda wina kulipira mnzake. Bungwe limapereka anthu ake, minda yake kapena ziwerengero zomwe lakhala likusunga, yunivesite n'kupereka mphunzitsi, ophunzira ndi labotale. Vuto limayambira pomwepo: poti palibe ndalama, anthu amaona ngati palibenso choti alembe. Chonsecho kukakhala wothandiza wakunja, kontrakiti yake ndi imene imanena mwini zotsatira ndiponso tsiku lopereka lipoti. Iyeyo kukapanda, malamulowo muyenera kudzilembera nokha.

Tiyerekeze kopaletivi ya alimi a mtedza ku Mchinji ikufuna kudziwa komwe chuku chikulowera mu mtedza wawo, kumunda, poyanika kapena m'nkhokwe. Mphunzitsi wavomera, ndipo ali ndi wophunzira wa masters amene akusowa mutu. Onse akondwa. Nanga wophunzirayo afika bwanji ku Mchinji, mafuta a galimoto agula ndani? Mlangizi amene aziyenda naye m'midzi adya chiyani masana? Mtedza wokayeza umaperedwa, subwerera kwa mwini wake. Kodi alimi auzidwa zimenezi? Mankhwala oyezera mu labotale nawonso ngogula, ndipo ali ndi tsiku lothera ntchito. Ntchito zambiri zotere zimafera pa tinthu timeneti, nzeru zili zokwanira. Tengani pepala limodzi, mulembe chinthu chilichonse chofunika, amene apereke, tsiku loperekera ndi mtengo wake m'makwacha, ngakhale ndalamayo siichoka m'thumba la wina kupita kwa mnzake. Mtengowo umathandiza aliyense kuona kuti mnzake wadzipereka motani.

Chachiwiri ndi siginecha. Mphunzitsi, ngakhale ali pulofesa, sangasaine mgwirizano m'malo mwa yunivesite. Chikalata chimadutsa ku dipatimenti, ku ofesi yoona za kafukufuku, kenako kwa akuluakulu amene ali ndi mphamvu yosaina, monga a Registrar kapena a Vice Chancellor. Zimatenga masabata, choncho yambani msanga ngati ntchito ikudalira nyengo yokolola. Dziwaninso kuti chikalata cha kumvana chotchedwa MoU kawirikawiri chimangonena kuti mbali ziwiri zikufuna kugwirira ntchito pamodzi. Pa kafukufuku weniweni pamafunika chikalata china chotchula ntchitoyo, nthawi yake, mwachitsanzo miyezi 12 kapena 24, ndi udindo wa mbali iliyonse.

Ngati mukufunsa anthu mafunso, kuwayeza kapena kutsegula mafayilo awo, chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa otenga nawo mbali n'chofunika, ndalama zilipo kapena ayi. Bungwe la boma loona za sayansi la NCST, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la sayansi ndi luso la 2003, ndi limene limayang'anira zimenezi. Za umoyo zimapita ku komiti ya dziko ya NHSRC kapena ku komiti ya ku KUHeS, za chikhalidwe cha anthu ku komiti ya dziko ya NCRSH kapena ku komiti ya yunivesite yomwe. Makomitiwa amalipiritsa, ndiye gwirizanani amene alipire. Chilolezo sichibwerera m'mbuyo: zomwe mwasonkhanitsa musanachilandire zikhoza kukanidwa ndi magazini a sayansi, wophunzira n'kutaya chaka. Musaiwale kudziwitsa ofesi ya DC ndi mafumu musanalowe m'mudzi.

Pomwe pamabuka mikangano yoopsa ndi pa zotsatira. Yunivesite imakhalira kusindikiza zomwe yapeza, ndipo wophunzira sangalandire digiri popanda kupereka pepala lake. Bungwe nalo lili ndi mbiri yoti liteteze. Bwanji zikapezeka kuti chuku chachuluka m'nkhokwe ya kopaletivi yomweyo? Mfundo yachilungamo ndi iyi: bungwe lipatsidwe masiku 30, kapena 60 zikavuta, kuti liwerenge zolembazo zisanatuluke. Likhoza kupempha kuti dzina lake kapena zinsinsi za malonda zichotsedwe, koma lisakhale ndi mphamvu yosintha zopezeka kapena kuletsa kusindikiza. Mphunzitsi amene wavomera kuti bungwe lizikana zotsatira zosalikomera waika digiri ya wophunzira wake m'manja mwa anthu ena, ndipo izi siziyenera kuloledwa.

Lembaninso zomwe aliyense wabwera nazo. Ziwerengero za kopaletivi zikhale zake, njira zoyezera za labotale zikhale za yunivesite. Chatsopano chomwe chingatuluke, monga chipangizo choyanikira mtedza, chigawidwe motani? Ngati chikuoneka kuti n'chogulitsika, musachionetse pamsonkhano kapena pa Facebook musanakalembetse umwini ku ofesi ya boma yolembetsa umwini wa zinthu zatsopano kapena ku ARIPO, bungwe la maiko a mu Africa loona za umwini wotere, ku Harare, chifukwa chinthu chikaululidwa poyera chimavuta kuchitchula chatsopano.

Mayina a alimi, manambala awo a foni ndi malo a minda yawo ndi nkhani zaumwini zomwe lamulo loteteza uthenga wa anthu la 2024 limateteza. Perekani kwa wophunzira mndandanda wochotsa mayina, mlimi aliyense akhale ndi nambala, ndipo pepala lolumikiza nambala ndi dzina lisungidwe ndi munthu mmodzi. Kutumizirana mafayilo otere pa gulu la WhatsApp n'kulakwa. Ngati magazi, mbewu kapena dothi zikupita ku labotale yakunja, pamafunika chikalata cha MTA chonena chomwe chiyezedwe ndi zomwe zichitike ndi zotsala.

Gawo lomwe ambiri amalidumpha ndi la kusiyana. Mphunzitsi akhoza kupita kukaphunzira kunja, mkulu wa bungwe akhoza kusintha ntchito. Chikalata chitchule maudindo osati mayina a anthu okha, chinene kuti mbali yofuna kusiya idziwitse inzake masiku 30 zisanachitike, komanso kuti wophunzira amene wayamba kale aloledwe kumaliza ndi zomwe wasonkhanitsa. Pa pepala la zofunika lija ikanipo tsiku lobwerera ku Mchinji kukauza alimi zomwe zapezeka, m'Chichewa, ndi dzina la mbali yomwe igule mafuta a ulendowo.