Amaori sanataye okha chilankhulo chawo

Kwa zaka zambiri ndamva anthu akubwereza zoti Amaori, eni nthaka a ku New Zealand, anachisiya okha chilankhulo chawo chifukwa chokonda Chingerezi. Zandikwana.

Lamulo la 1867 linakhazikitsa sukulu za boma m'midzi ya Amaori, ndipo maphunziro ankayenera kukhala m'Chingerezi. Inde, makolo ena anachifunadi Chingerezicho, monga kholo lililonse lofunira mwana ntchito. Koma akuluakulu ambiri anasimba momwe ankakwapulidwira akangolankhula Chimaori pabwalo la sukulu. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, mabanja ambiri anasamukira m'matauni, kutali ndi agogo. Sukulu zapaderazo zinatha mu 1969, chilankhulo chitafooka kale.

Amene anachidzutsa ndi Amaori omwewo. Mu 1982 anayambitsa sukulu za mkaka kumene agogo ankalankhula ndi tiana Chimaori chokhachokha, ndipo mu 1987 chinakhala chilankhulo chovomerezeka ndi boma.

Musangondikhulupirira. Malamulo awiriwa, la 1867 ndi la 1987, ali pa intaneti, maumboni a akuluakuluwo analembedwa. Wina akakutumizirani nkhani yotere pa WhatsApp, mufunseni chaka ndi kumene waitenga musanaitumizire ena.