Fakisi ya ku Wichita: chimene chinachotsa Barry Sanders m'bwalo

Pamene timu ya Philadelphia Eagles inapumitsa Saquon Barkley pa masewero omaliza a sizoni ya 2024, atatsala ndi mayadi 101 okha kuti aphwanye rekodi ya Eric Dickerson ya mayadi ochuluka othamanga ndi mpira m'sizoni imodzi, otsatira mpira wa ku America anakangana mpaka kusasa mawu. Ena ankati mwayi wotere subwera kawiri, ena ankati asunge miyendo podikira ndime ya chipulula. Ine mkanganowu unandikumbutsa Barry Sanders wa Detroit Lions, amene anasiya rekodi ili pakhomo popanda womuuza, ndiponso kawiri konse.

Sanders anali running back, wosewera amene amapatsidwa mpira m'manja kuti aboole nawo khoma la zimphona. Anali wamfupi, masentimita 173, koma kumugwira kunali ngati kugwira mlamba ndi manja. Amatha kuima dwii pakati pa liwiro, kubwerera m'mbuyo, otchinga awiri n'kugundana okhaokha iye atadutsa kale. Akagoletsa touchdown, chigoli cha mpira umenewu, sankavina. Ankangopereka mpira kwa woimbira n'kubwerera kubenchi.

Anabadwira ku Wichita, m'boma la Kansas, mu 1968. Ku koleji ya Oklahoma State anathamanga mayadi 2,628 mu 1988 n'kulandira Heisman Trophy, mphoto ya wosewera wopambana onse m'makoleji, ndipo Lions inamutenga mu 1989. Pa masewero omaliza a chaka chake choyamba, ndi Atlanta, anatsala ndi mayadi 10 kuti afikire Christian Okoye amene ankatsogola ligi yonse pa mayadi othamanga. Anapatsidwa mwayi wobwerera m'bwalo kuti amalize, iye anakana popeza timu inali ikutsogola kale. Ndikuganiza kuti aliyense wofuna kumvetsa za kusiya kwake mpira mu 1999 ayambire pamenepa.

Zaka zapakati n'zosavuta kufotokoza. Sizoni iliyonse pa khumi zimene anasewera anapitirira mayadi 1,000, ndipo mu 1997 anafika 2,053 n'kugawana ulemu wa MVP, wosewera wopambana onse m'ligi, ndi Brett Favre. Koma timu yake inapambana kamodzi kokha m'ndime ya chipulula, pamene inaswa Dallas 38-6 mu Januwale 1992. Sabata yotsatira Washington inaikwapula 41-10. Anzake omutchingira kutsogolo, Lomas Brown ndi Kevin Glover, anachoka mmodzimmodzi. Mu 1998 Lions inapambana masewero 5, kugonja 11.

Kenako inafika Julayi 1999. Sanders anali ndi zaka 31, thupi lili bwinobwino, mayadi ake onse ali 15,269. Rekodi ya Walter Payton ya mayadi a zaka zonse zosewera inali 16,726, kusiyana kwake 1,457, pomwe chaka chapitacho iye anali atathamanga 1,491. Aliyense ankaona kuti sizoni imodzi ikwanira. Anzake akukonzekera kulowa m'kampu, iye anatumiza fakisi ku nyuzipepala ya kwawo, The Wichita Eagle, kulengeza kuti wasiya mpira, n'kukwera ndege ya ku London. Panalibe msonkhano wa atolankhani, panalibe kutsanzikana ndi masapota. Mphunzitsi Bobby Ross anali atamusaka kwa miyezi osayankhidwa.

Chinamuchotsa n'chiyani? Maumboni sagwirizana. Fakisiyo inangonena kuti mtima wofuna kutuluka unali utaposa mtima wofuna kukhalabe, osaloza chala munthu. Anthu ambiri nthawi imeneyo ankati vuto ndi Ross, koma Sanders anakana zimenezo. M'buku la mbiri yake la mu 2003 ndi momwe anaulula kuti kugonja kosatha, komanso kuona akuluakulu a timu akutaya osewera abwino, zinamuphera chikondi cha mpira. Buku lolembedwa patapita zaka zinayi likhoza kukonza nkhani, n'zoona, komabe likugwirizana ndi zimene zinkaoneka m'bwalo. Umboni wina ndi wa ndalama. Lions itafuna kuti abweze gawo la madola 11 miliyoni amene analandira posaina kontirakiti ya 1997, omuimira anati abweza ngati timu imumasule. Timu inakana, ndipo mu 2000 woweruza anagamula kuti abweze. Amene amati anatopa ndi Detroit osati mpira amatsamira pamenepa, ngakhale mawuwo anali a omuimira, osati ochokera pakamwa pake.

Masapota amene anakwiya sindingawanene. Anali atagula matikiti, ndipo kuchoka kampu ili pafupi kunasiya timu ilibe nthawi yopezera wina. Koma munthu amene wagwetsedwa pansi ndi zimphona kwa zaka khumi, timu osasuntha, kumulonda ndi kalata ya ngongole zimandiwawa mpaka lero. Lions inachitanso zomwezo kwa katswiri wake wina, Calvin Johnson, atasiya mu 2016.

Rekodi ya Payton ija anaitenga Emmitt Smith mu 2002. Sanders analowa mu Hall of Fame, m'ndandanda wa akatswiri olemekezeka a mpirawu, mu 2004, ndipo bambo ake, William, pomuitanira kutsogolo anamutcha wachitatu pa ma running back onse, pambuyo pa Jim Brown ndi iwo eni. Ubale wake ndi timu unabwerera pang'onopang'ono, mpaka mu Seputembala 2023 Lions inamuimikira chipilala kunja kwa bwalo lake la Ford Field, wosewera woyamba wa timuyi kulandira ulemu wotere.