Zimbale za oimba akale zinatsakamira pati?

Dandaulo ili lakhala likumveka mu Lilongwe kwa zaka ndithu, makamaka pakati pa anthu amene anakula dziko lili ndi wailesi imodzi. Kaya ndi ku Bwandilo Loweruka masana, kaya m'minibasi ya ku Area 25, wina akangotchula Allan Namoko kapena Robert Fumulani, nkhani imakathera pa funso lomwelo: n'chifukwa chiyani nyimbo za akuluakulu amenewa sizituluka mwadongosolo, zomveka bwino, chimbale ndi chimbale? Ukasaka pa YouTube umapezako ndithu, koma zambiri ndi zotengedwa pa kaseti yotopa, banjo ikumveka ngati akuimbira m'chitsime, dzina la nyimbo lolakwika, chaka palibe, anyamata amene ankaimba nawo osatchulidwa n'komwe. Ena amati achibale a oimbawo ndi aulesi. Ena amati ndi dyera. Ena amaloza chala a Cosoma, bungwe loteteza ufulu wa eni luso, ena boma.

Mkwiyowo ngomveka. Koma ambiri mwa odandaulawa amaganiza kuti kwinakwake kuli kabati yokhoma, m'kati mwake muli matepi onse osanjidwa bwinobwino, ndiye wina akungouma mtima ndi kiyi. Tikachotsapo nyumba ya MBC, kabati yotereyo sinakhalepo m'dziko muno.

Oyamba kujambula nyimbo za kuno mochuluka anali alendo. Hugh Tracey anayenda m'midzi ya Nyasaland m'zaka za m'ma 1950 ndi makina ake, ndipo zimene anajambula zikusungidwa ku International Library of African Music, yomwe lero ili pa Rhodes University ku South Africa. Abale awiri a ku Chileka, Daniel ndi Donald Kachamba, anakumana ndi Gerhard Kubik, katswiri wofufuza nyimbo wa ku Vienna, mu 1967, ndipo chifukwa cha ubwenzi umenewo kuimba kwawo kunajambulidwa mosamala, kulembedwa masiku, malo ndi mayina a oimba. Daniel anamwalira mu 1987, Donald mu 2001, koma wofuna kudziwa mbiri ya nyimbo zawo ali ndi poyambira. Namoko naye, mkulu wosaona wa ku Thyolo uja ndi Chimvu River Jazz Band yake, anamveka kunja kwa dziko lino chifukwa cha Pamtondo, kampani yaing'ono imene Dr John Lwanda anayambitsa ali ku Scotland. Zimawawa kuvomereza, koma nyimbo zathu zimene zinasungika bwino kwambiri ndi zimene zinawoloka malire.

Kuno kwathu kunayesedwa Nzeru Record Company chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, koma sinakhalitse. Msika unali wochepa, galamafoni inali ya anthu owerengeka, ndipo malekodi ankakadindidwa kunja. Apa m'pamene tinasiyanira ndi anzathu a ku Zambia. Iwo anali ndi fakitale ya Teal ku Ndola imene inkadinda malekodi, ndipo lekodi, ngakhale ikalike, imakhala zaka makumimakumi ili yomveka. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles itayamba kutulutsanso nyimbo za gulu la WITCH ndi magulu ena a Zamrock, nyimbo za rock za ku Zambia, malekodi akale amene anthu anasunga anathandiza kwambiri, mpaka Jagari Chanda, woimba wa WITCH, anabwereranso pa siteji atakalamba. Munthu wa ku Lilongwe akaona zimenezi zikuchitika kungodutsa pa Mchinji, nsanje imamugwira, ndipo sindingamudzudzule.

Ife situdiyo yathu inali MBC. Kuyambira 1964 mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, woimba wofuna kumveka ankapita ku Chichiri ku Blantyre, kapena ankadikira kuti ojambula a wailesi afike m'boma lakwawo. Nyimbo zinkajambulidwa pa matepi akuluakulu a mawilo awiri aja, kamodzin'kamodzi, gulu lonse kuimbira limodzi. Woimba ankabwerera kwawo wopanda kanthu m'manja koma chiyembekezo chodzimva pa wailesi. Cholinga sichinali kupanga chimbale. Cholinga chinali kudzaza mapologalamu, ndiye nyimbo za munthu mmodzi zinkamwazikana pa matepi osiyanasiyana, zina za chaka chino, zina za zaka zisanu m'tsogolo, pakati pake pali kwaya ya mpingo kapena gule wa kwinakwake. Choncho pamene munthu akufunsa kuti zimbale zonse za Namoko zituluka liti, akufunsa chinthu chimene mbali yaikulu sichinapangidwepo. Pakufunika wina akhale pansi, amvetsere tepi ndi tepi, atole nyimbozo, adziwe kuti iyi ndi ya liti, kenako ndiye apange chimbalecho koyamba.

Tisaiwalenso kuti inali nthawi ya chipani chimodzi. Lamulo lounika zosangalatsa la 1968 linalipo, ndipo nyimbo yokayikitsa sinkaulutsidwa. Oimba anaphunzira kubisa mawu m'miyambi ndi m'nkhani za amasiye ndi za m'banja, n'chifukwa chake nyimbo za nthawi imeneyo zimakoma ukamazimvanso uli wamkulu.

Kenako kunabwera kaseti, ndipo zinthu zinasintha msangamsanga. Ku Balaka, Paul Banda ndi Alleluya Band anatsegula njira, situdiyo ya Imbirani Yahwe inakhala pothawira pa oimba ambiri, ndipo mng'ono wake Lucius atatulutsa chimbale chake choyamba chakumayambiriro kwa ndale za zipani zambiri, aliyense anaona kuti nyimbo za Chichewa zikhoza kugulitsidwa ngati shuga. Billy Kaunda, Mlaka Maliro, Evison Matafale ndi makwaya osawerengeka anatsatira. Wogulitsa wamkulu kwa zaka zambiri anali O.G. Issa wa ku Limbe, ndipo mavenda ankapikula makatoni a makaseti n'kumagulitsa m'misika ya dziko lonse.

Lilongwe pa nkhani imeneyi inali mbali ya ogula. Likulu la dziko linasamukira kuno mu 1975, koma masitudiyo otchuka ndi makina ochulukitsira makaseti anatsalira kummwera. Chimene kuno kunali ndi anthu olandira malipiro pakutha pa mwezi: a ku Capital Hill, a m'mafakitale a fodya ku Kanengo, aphunzitsi, asilikali a ku Kamuzu Barracks, komanso alimi obwera ku okushoni. Ndalama ikalowa, munthu ankatsikira ku Malangalanga kapena ku depoti kukagula kaseti yatsopano, n'kukaiimba mpaka itamezedwa ndi wailesi, n'kuibweza ndi bolopeni. N'chifukwa chake odandaula kwambiri lero ali kuno. Anagula nyimbozo ndi ndalama zawo, ena kawiri, ndiye amaona kuti ali ndi ufulu wofunsa.

Koma malonda a kaseti anali ndi chilema chimene sichinkaoneka nthawi imeneyo. Woimba akamaliza kujambula ankatenga masta, tepi yoyambirira yochulukitsirapo makaseti onse, n'kukapereka kwa wochulukitsa. Ena ankalandira ndalama potengera kuchuluka kwa makaseti ogulidwa, ena chifukwa cha mavuto a pakhomo ankangogulitsiratu masta yonse kuti apeze ya lendi ndi fizi. Mgwirizano nthawi zambiri unali wapakamwa, kapena kapepala kamene lero palibe angakapeze. Masitudiyo nawo sankasunga. Tepi yojambulira inali yodula, ndiye chimbale chikatuluka ankafufuta n'kujambulapo china. Makompyuta atabwera, zinthu sizinakhale bwino monga mmene anthu amaganizira: hard drive ikafa, kapena situdiyo ikagulitsidwa, ntchito ya zaka zingapo inkapita nayo limodzi.

Chimene chinamaliza zonse ndi kubena. CD itafala, kenako fulashi ndi memore khadi, mnyamata aliyense wokhala ndi kompyuta m'kashopu ku Mchesi, ku Kawale kapena ku Chinsapo anasanduka wogulitsa nyimbo, mazanamazana pa mtengo wa botolo la Fanta. Cosoma, yomwe inakhazikitsidwa mu 1992 potsatira lamulo la 1989 ndipo likulu lake lili mu Lilongwe momwemuno, inayesa timasitika tonyezimira tija ndi kulanda katundu m'misika, koma madzi anali atafika kale m'khosi. Ochulukitsa makaseti anasiya malondawo. Mamasta amene anali m'manja mwawo, palibe lamulo limene linkawakakamiza kuti awapereke kwina kulikonse. Lamulo lathu losunga mbiri limalamula kuti wosindikiza buku kapena nyuzipepala apereke kope ku National Archives ku Zomba, koma linalembedwa poganizira zosindikiza pa pepala. Apa ndikunena mosabisa: enafe amene tikulira lero ndi omwe tinkabenetsa. Walira mvula walira matope.

Tsono tiyerekeze kuti tepi yapezeka. Ntchito siinathe, yangoyamba kumene. Tepi ndi kansalu ka pulasitiki kopakidwa fumbi la chitsulo ndi guluu, ndipo guluu ameneyo amayamwa chinyontho. Ikakhala zaka zambiri m'katoni pansi pa bedi, dzinja lililonse ikumwa chinyezi, imayamba kumata, ina imamera nkhungu. Ukaiika m'makina mosasamala, fumbi lija limakanganuka n'kutsalira pa mutu wa makinawo, nyimbo n'kutheratu pomwepo. Akatswiri amayamba aiumitsa m'uvuni wapadera, pa kutentha kwa madigiri 50 kapena kupitirira pang'ono, kwa maola ambiri, kenako amakhala ndi masiku ochepa oti aisamutsire pa kompyuta. Makina oimbira matepi a mawilo aja anasiya kupangidwa mochuluka kalekale, zipangizo zake n'zosowa, ndipo amisiri amene ankawadziwa ambiri anapuma ntchito. Ntchito yosamutsa nyimbo za m'nkhokwe ya MBC itachitika m'zaka za m'ma 2010, inatheka ndi thandizo la dziko la Norway komanso khama la Sigbjørn Nedland, muulutsi wa kumeneko. Inali ntchito yaikulu ndipo inapulumutsa zambiri. Koma kupulumutsa nyimbo ndi kuitulutsa pa msika ndi nkhani ziwiri.

Pakati pa ziwirizi pali funso la mwini. Nyimbo iliyonse yojambulidwa ili ndi eni ake awiri kapena kuposa: amene anapeka mawu ndi maimbidwe, ndi amene analipira kapena kuyendetsa ntchito yojambula. Ufulu wa wopeka sufera naye limodzi, umapitirira zaka 50 iye atamwalira, ndiye za Namoko, amene anatisiya mu 1995, zidakali m'manja mwa olowa m'malo ake kwa zaka zambiri zikubwerazi. Tepi ikhoza kukhala ya wailesi, nyimbo n'kukhala ya banja, woimba gitala naye ana ake n'kumati bambo athu ndiwo anapeka kayimbidweko. Kampani yofuna kutulutsa imafuna siginecha ya munthu mmodzi wovomerezeka. Nanga asaine ndani? Oimba ambiri sanasiye wilo. Ena anasiya ana kwa amayi awiri kapena atatu. Kwa ife a chikamwini, malume ndi alongo a malemu nawo amaona kuti ali ndi mawu, pamene lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi ndi ana. Kuti banja lonse ligwirizane, wina apite kukhoti kukatenga makalata oyendetsera chuma, pamafunika ndalama ndi kudalirana, ndipo mphekesera ikangomveka kuti azungu akufuna nyimbo za malemu, aliyense amaganiza kuti pali mamiliyoni amene mnzake akufuna kudya yekha.

Mamiliyoniwo nthawi zambiri palibe. Spotify inafika m'Malawi mu 2021, koma nyimbo ikamvedwa kamodzi imabweretsa kachigawo kochepetsetsa ka senti ya ku America, ndipo omvera a kuno amene amalipira mwezi ndi mwezi ndi ochepa. Makampani oika nyimbo pa intaneti amafuna kulipidwa m'madola kudzera pa khadi, m'dziko limene ndalama zakunja zikusowa ndipo kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mwana wa woimba amene akugulitsa kaunjika ku msika wa Tsoka akawerengera ndalama yoyeretsera matepi, ya loya, ya zithunzi ndi yolembetsera, n'kuyerekeza ndi zimene angapeze, amangobwezera katoni ija pansi pa bedi. Sindikuona ulesi pamenepo. Ndipo si kuti kunja safuna nyimbo zathu: Madalitso Band, anyamata awiri amene ankaimba m'misewu ya mzinda uno ndi babatoni, gitala lalikulu la chingwe chimodzi, zimbale zawo zikutulutsidwa ndi Bongo Joe ya ku Geneva. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo ali moyo, akhoza kusaina okha, akhozanso kukwera ndege kukaimba.

Pamene ndimasiyana ndi mabanja ena ndi pa nkhani yodikira masta yeniyeni. Kwa zimbale zambiri za m'zaka za m'ma 1990, masta sidzapezekanso, ndipo kope labwino kwambiri limene latsala ndi kaseti imene mphunzitsi wina wopuma ku Area 18 kapena ku Falls anagula n'kuiimba kawiri kokha. Makaseti atatu a chimbale chimodzi, atasamutsidwa ndi makina abwino, akhoza kupereka chinthu chomveka kuposa zimene zili pa YouTube panopa, ndipo chikuto chake chimakhala ndi chaka, situdiyo ndi mayina a oimba, zimene ngakhale achibale ena sakuzikumbukira. Odandaulawo ndiye kuti akusunga mbali ya yankho m'nyumba zawo, ndipo chaka chilichonse ena mwa makatoni amenewo amatayidwa posamuka kapena pogawa katundu wa maliro.

Ndalama yoyambira ikhoza kupezeka. Lamulo latsopano la 2016 linabweretsa msonkho wa pa zipangizo zosungira nyimbo monga mafoni ndi mafulashi, umene Cosoma imagawa kwa eni luso, komanso linakhazikitsa thumba la Copyright Fund lothandiza ntchito za luso. Koma thumba limapatsa amene walemba kalata yopempha. Woimba wamoyo amalemba yekha, amatsatira yekha ku ofesi, amaimba foni. Za Namoko, Fumulani ndi anzawo zikufuna munthu wina amene angadzipereke kuyenda ku Thyolo ndi ku Chileka kukakhala pansi ndi mabanja, kupita ku Chichiri kukapempha chilolezo, kusonkhanitsa makaseti m'makomo a ku Lilongwe, kenako n'kulemba kalatayo m'dzina la anthu amene si abale ake, akudziwa kuti phindu likabwera silikhala lake.